Momwe mungamvetsere zotsatira mukayezetsa shuga m'magazi

Mukalandira zotsatira, musanade nkhawa ndi nambala, yang'anani zilembo zimene zili pambali pake, chifukwa shuga amalembedwa m'miyezo iwiri, mmol/L ndi mg/dL. Apa ndi pamene ine ndinavutika kwambiri. Kachipangizo koyezera shuga kamene ndinagula kwa wogulitsa wina, amene sanandifotokozere chilichonse, kanaonetsa 108 pamene pepala la kuchipatala linali ndi 6.0, ndipo mtima unangoti myu poganiza kuti shuga wakwera koopsa. Koma manambala awiriwa ndi amodzi, pakuti mukagawa nambala ya mg/dL ndi 18 mumapeza ya mmol/L. Funsani muyezo wa kachipangizo musanalipire.

Kenako kumbukirani nthawi imene munayezetsa. Ngati munakhala maola osachepera 8 osadya, mukumwa madzi okha, shuga wa 7.0 mmol/L, kapena kuti 126 mg/dL, kupita m'mwamba amasonyeza matenda a shuga, pamene kuyambira 6.1 mpaka 6.9, malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, ndi chenjezo loti matendawa akuyandikira ndipo nthawi yowapewa ikadalipo. Ngati munali mutadya, malire ake ndi 11.1 mmol/L, makamaka pamene mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi kapena mukuonda popanda chifukwa.

Ngati mulibe zizindikiro zimenezi, kuyezetsa kamodzi sikokwanira. Bwererani tsiku lina, ndipo ngati n'kotheka pemphani kuyezetsa HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ikafika 6.5 peresenti ndiye kuti matenda alipo. Poyeza nokha kunyumba, sambani m'manja ndi kuumitsa bwino, chifukwa madzi a chipatso otsalira pachala amakweza nambala. Timapepala todonthezapo magazi ndi timene timadya ndalama kuposa kachipangizo, koma musakopeke ndi totchipa todutsa masiku, ndipo aliyense wokugulitsani mankhwala akuti amachiziratu shuga akungofuna ndalama zanu.

Zotsalazo ambiri mumazidziwa kale. Siyani zakumwa zotsekemera, chepetsani mulingo wa chakudya, yendani mwandawala mphindi 150 pa sabata ndipo chepetsani thupi ngati lakula. Dokotala akakulemberani mankhwala monga metformin, imwani mosadumphitsa ngakhale mukupeza bwino, ndipo chaka chilichonse muzipimitsa maso, impso ndi mapazi.