Kupempha thandizo la Pro Helvetia kuti mukagwire ntchito ya luso ku Switzerland

Mwafunsa kuti woyimba kapena wojambula wa ku Malawi angapeze bwanji ndalama zopitira ku Switzerland kukagwira ntchito ndi aluso a kumeneko. Gogodani ku Pro Helvetia, bungwe lothandiza za luso ndi chikhalidwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1939 ndipo limayenda ndi ndalama za boma la Switzerland. Ofesi yoyang'anira chigawo chathu ili ku Johannesburg.

Choyamba, tsegulani akaunti pa myprohelvetia, tsamba la bungweli lotumizirapo mapempho, chifukwa pempho limadutsa pa intaneti.

Kenako sonkhanitsani CV yanu ndi zitsanzo za ntchito zanu. Sankhani zochepa koma zabwino, makamaka zaposachedwa. Ngati ndinu woyimba, kanema womveka bwino wa pa siteji amakuyankhulirani kuposa zithunzi khumi.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa kalata yofotokoza cholinga. Musalembe zoti mukufuna kukaona kunja. Nenani chomwe mukachite, chifukwa chake chikufunika Switzerland, ndi amene mukufuna kukakumana nawo. Ngati ndinu woyimba bangwe ndipo mukufuna kuyesa mawu ake ndi oyimba jazi a ku Zürich, lembani choncho. Ine ndimalangiza kuti muyambe kulemberana ndi anthuwo musanatumize pempho, chifukwa ubale woyamba kale umaoneka m'kalata.

Tumizani nthawi ilipo. Pempho lokakhala kumeneko mpaka miyezi itatu limatsekedwa chaka chisanafike chaka cha ulendo.

Mukasankhidwa, yambani msanga za viza ya Schengen, yomwe ndi chilolezo cholowera ku Switzerland ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, ndipo onetsetsani kuti pasipoti yanu siyatsala pang'ono kutha.