Kuteteza nsomba za m'mitsinje pa nthawi yoswana ndi ya chilimwe

Pali nthawi ziwiri pa chaka pamene nsomba za mumtsinje zimagwidwa mosavuta: pamene zikukwera mtsinje kukaikira mazira, ndi pamene madzi aphwa m'chilimwe n'kuzisiya zitaunjikana m'maiwe. Nthawi ziwiri zomwezi ndi zimene mudzi uyenera kudziletsa ngati ukufuna kuti ndiwo zimenezi zipezekenso chaka chamawa.

Mpasa, sanjika ndi ntchila zimakulira m'nyanja ya Malawi, koma zimaswanira m'mitsinje monga Bua, Linthipe, Dwangwa ndi North Rukuru. Msodzi akatchinga mtsinje wonse ndi biyo, kuchokera gombe ili mpaka tsidya linalo, n'kutchera miono m'mipata yonse, amagwira nsomba zodzaza ndi mazira zisanafike poikira. Ntchila inali nsomba yochuluka pa malonda m'zaka za m'ma 1950, koma pofika m'ma 1960 inali itachepa kwambiri, ndipo kugwidwa pa ulendo wokaswana ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Choncho biyo lililonse lizisiyidwa ndi mpata waukulu pamene madzi akuyenda mwamphamvu, ndipo matchera asaponyedwe pamathiriro a mtsinje nsomba zikayamba kukwera.

Mpasa imaikira mazira pa timiyala, m'madzi oyera othamanga. Dothi lokokoloka m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi limakwirira timiyalato, mazira n'kufa posowa mpweya. Chimodzi mwa zifukwa zimene Bua akadali ndi mpasa n'chakuti amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kumene magombe ake sanakhudzidwe ndi khasu. Alimi a madimba asiye bango, nsungwi ndi mikuyu m'gombe, ndipo pamene padalimidwa kale pabzalidwe udzu wa vetiva.

Nkhani ya maiwe ndi imene imandidetsa nkhawa koposa, chifukwa kuthira katupe, mankhwala ochokera ku chomera opha nsomba, ambiri amakuona ngati mwambo wosalakwika. Katupe sasankha: amapha mlamba wamkulu, matemba, tiana tosayenera kulowa mumphika, ngakhale tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya. Ena masiku ano amathira mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo pamenepo ngozi imafika kwa ana amene adye ndiwozo ndi ziweto zimene zimamwa madziwo. Lamulo losamalira nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulika.

Anthu a ku Chilwa akudziwa kufunika kwa maiwe amenewa. Nyanjayo itauma mu 1995, matemba, milamba ndi makumba zinapulumukira m'mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Mafumu ndi alangizi a zausodzi anagwirizana zoletsa katupe m'maiwewo, ndipo madzi atabwerera, nsomba zotsalazo ndi zimene zinaswana n'kudzazanso nyanja. Dziwe limodzi lothiridwa katupe mu Okutobala limapatsa banja ndiwo za masiku ochepa, pamene nsomba zomwezo zikanakhala mbewu ya mtsinje wonse.

Kukoka nsomba ndi masikito nakonso kuthe. Maso a neti yotetezera udzudzu ndi aang'ono kwambiri moti sadutsitsa ngakhale kansomba kongoswedwa kumene, ndipo banja la msodziyo limagona losatetezedwa ku malungo.

Zonsezi sizingatheke ndi munthu mmodzi, pakuti wosiya biyo lake amangopindulitsa mnzake wa kumtunda. Midzi yonse yogawana mtsinje umodzi ikhale pansi pamodzi ndi mafumu ake, isankhe komiti imene muli amayi owamba ndi kugulitsa nsomba, itchule maiwe awiri kapena atatu akuya amene sadzaloledwa kuwedzamo, ndipo igwirizane miyezi yotseka ndi chindapusa cha wophwanya. Zimene mwagwirizana muzilembe, ndipo muzipereke ku ofesi ya zausodzi ya boma lanu kuti ikuthandizeni kuzisandutsa malamulo a m'dera ovomerezeka ndi khonsolo.