Momwe mungakhazikitsire tebulo pamzere umodzi ndi mawu mu Word

Mwalemba lipoti lanu bwinobwino, ndime zonse zayambira pamzere umodzi, koma tebulo lomwe mwaika pakati latulukira pang'ono kumanzere, kapena lapendekera kumanja, mwinanso mawu apansi akwera n'kudzipanikiza m'mbali mwake. Ambiri zikatere amagwira tebulo lija ndi mausi n'kuyamba kulikoka uku ndi uku mpaka diso litakhutira. Vuto lenileni limayambira pomwepo.

Mu Microsoft Word, mukangokoka tebulo ndi mausi, pulogalamuyi imasintha yokha kakhalidwe ka tebulolo. Limaleka kukhala ngati ndime yomwe ili ndi malo ake pakati pa ndime zina, n'kusanduka chinthu choyandama chomwe mawu amachizungulira. Lero lioneka bwino, koma mukawonjezera mizere iwiri pamwamba, kapena mnzanu akatsegula chikalatacho pa kompyuta ina, mupeza tebulo lakwera pa mawu kapena lathawira kutsamba lina. Choncho mausi isiyeni kaye, tigwiritse ntchito manambala.

Yambani ndi kusankha tebulo lonse. Ikani kamuvi ka mausi pamwamba pa tebulo, ndipo pakona yakumanzere chakumtunda paoneka kabokosi kokhala ndi mivi inayi. Dinani pomwepo kamodzi, osakoka. Kenako dinani batani lakumanja la mausi ndi kusankha Table Properties. Pafupifupi zonse zomwe tikambe zili m'kawindo kameneka, pagawo lolembedwa Table.

Choyamba kuona ndi pomwe palembedwa Text wrapping. Pali zosankha ziwiri zokha: None ndi Around. Ngati pasankhidwa Around koma inu simunafune kuti mawu azungulire tebulo, ndiye kuti munalikoka mosadziwa. Bwezerani pa None. Kwa ine, tebulo la m'lipoti, la m'kalata ya ntchito kapena la m'pepala la sukulu liyenera kukhala pa None nthawi zonse, pokhapokha pali chifukwa chomveka. Likakhala pa None limayenda limodzi ndi ndime zoyandikana nalo, ndipo likakhala lalitali limadukiza bwino kupita kutsamba lotsatira.

Pamwamba pake pali Alignment: Left, Center ndi Right. Apa mukusuntha tebulo lonse, osati mawu a mkati mwake. Anthu amasokonezeka pamenepa chifukwa akasankha mabokosi angapo n'kudina Ctrl ndi E, mawu a m'mabokosimo ndi omwe amapita pakati, tebulo n'kukhala pomwe linali. Ngati tebulo ndi lopapatiza, Center imaoneka bwino. Ngati mukufuna liyambire pomwe ndime zikuyambira, sankhani Left ndipo muonetsetse kuti pa Indent from left pali 0.

Tsopano tifike pa kampata kaja komwe kamavutitsa anthu osamala. Kabokosi kalikonse ka tebulo kali ndi mpata pakati pa mzere wake ndi mawu a mkati, ndipo Word imaika masentimita 0.19 kumanzere ndi kumanja. Mu Word 2010 ndi zina za m'mbuyo, mawu a m'kabokosi koyamba ndi omwe ankalingana ndi ndime za patsamba, motero mzere wa tebulo unkatulukira kunja ndi masentimita 0.19 omwewo. Kuyambira Word 2013, mzere wa tebulo ndi womwe umalingana ndi ndime, mawu a mkati n'kulowa pang'ono. Chikalata chakale chikatsegulidwa mu Word yatsopano, pamwamba pamalembedwa Compatibility Mode, ndipo chimasunga khalidwe lakale lija. N'chifukwa chake matebulo awiri opangidwa mofanana amatha kuoneka mosiyana m'zikalata ziwiri.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ngati mzere wa tebulo watulukira kumanzere, lembani 0.19 cm pa Indent from left, ubwerera pamzere wa ndime. Koma ngati tebulo lanu lilibe mizere yooneka, diso la wowerenga limatsata mawu, ndiye mawuwo ndi omwe ayenera kulingana ndi ndime. Pamenepo dinani Options m'kawindo komweko n'kuika 0 pa Left, pansi pa Default cell margins. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kuika nambala yochotsera pa Indent from left, ngakhale nayonso imagwira.

Kumanzere kukakhala bwino, onani kumanja. Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21, ndipo mukachotsa malire a masentimita 2.54 mbali zonse ziwiri mumatsala ndi 15.92. Tebulo lokopedwa kuchokera ku Excel kapena pa intaneti nthawi zambiri limapyola pamenepa. Musalimbane ndi kukoka mizere umodzi umodzi. Chongani pa Preferred width, musankhe Percent pa Measure in, mulembe 100. Njira ina ndi kupita pa Layout ya tebulo, kudina AutoFit kenako AutoFit Window. Ubwino wa peresenti ndi woti mukadzasintha malire a tsamba, tebulo lidzatsatira lokha.

Nanga mukafunadi kuti mawu azungulire tebulo, monga katebulo kakang'ono m'mbali mwa nkhani? Sankhani Around, ndipo batani la Positioning liyamba kugwira ntchito. M'menemo muuza Word kuti tebulo likhale kumanja kapena kumanzere poyerekeza ndi Margin, ndipo kutsika kwake kuyerekezedwe ndi Paragraph. Pa Distance from surrounding text ikani mpata wa pafupifupi masentimita 0.3 kuti mawu asagunde mizere. Chongani Move with text kuti tebulo liziyenda ndi ndime yake, ndipo Allow overlap musachonge. Izi zichitikire matebulo afupiafupi okha. Lalitali lopitirira tsamba limodzi limavuta likayandama.

Mpata wapamwamba ndi pansi pa tebulo musaupange pomenya Enter kangapo. Mizere yopanda kanthu imeneyo imadzakusiyirani dzenje pamwamba pa tsamba zinthu zikasuntha. Dinani m'ndime yotsatira tebulo, tsegulani Paragraph, muike 6 pt kapena 12 pt pa Before. Kuti muone ma Enter obisika omwe alipo kale, dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi, ndipo zizindikiro zonse zionekera. M'kawindo ka Paragraph momwemo muli Keep with next: muichonge pa mutu wa tebulo kuti mutuwo usatsale wokha kumapeto kwa tsamba tebulo lili kutsidya.

Tebulo likakhala la masamba angapo, sankhani mzere wake woyamba n'kudina Repeat Header Rows kuti mitu ibwerezedwe patsamba lililonse. Ikakana kugwira, kaoneni Text wrapping. Kawirikawiri mupeza ili pa Around.

Ogwiritsa ntchito Google Docs apeza zofanana pa Table properties, pomwe pali posankhira mbali ya tebulo ndi mpata wakumanzere. Mu LibreOffice Writer, Table Properties ili ndi Automatic, yomwe imatambasula tebulo kuchokera kumalire akumanzere mpaka akumanja, komanso From left yokulolani kulemba nokha nambala ya mpata.

Musanatumize chikalatacho, chisungeni ngati PDF n'kuchiyang'ana tsamba ndi tsamba. Mukaona tebulo lasuntha pomwe simunafune, bwererani pa Table Properties, muyambe ndi kuona ngati Text wrapping ikadali pa None.