Kukonzekera Seva ya Ma VPS Yomwe Idzakule Popanda Kuyambiranso

Anthu ambiri akamayamba bizinesi yobwereketsa ma VPS (makompyuta ongoyerekezera amene amapangidwa mkati mwa seva imodzi yaikulu) amathamangira kugula purosesa yamphamvu, koma zimene zimayamba kuchepa pa makina otere ndi RAM (memori yosunga zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi malo osungira deta. Purosesa imagawika mosavuta chifukwa sikawirikawiri kuti makasitomala onse ailemetse nthawi imodzi, pamene RAM imene mwalonjeza munthu iyenera kukhalapo ndithu.

Choncho yambani ndi kuwerengera. Ngati mukuyembekezera ma VPS 20, iliyonse ya 4 GB, mufunika 80 GB, ndipo pamwamba pake musiyire gawo Proxmox VE, pulogalamu yoyendetsa ma VPS, komanso ZFS, pulogalamu yoyang'anira ma disk, yomwe imasunga mu RAM deta yowerengedwa pafupipafupi. Makina a 128 GB akhoza kukwanira. Komabe samalani kagulidwe kake: ma RAM anayi a 32 GB amasiya mipata ina yopanda kanthu pa motherboard, pamene 16 a 8 GB akhoza kudzaza mipata yonse, moti tsiku lowonjezera mudzayenera kuchotsa zimene munagula kale. RAM yakeyo ikhale ya ECC, imene imakonza yokha zolakwika zing'onozing'ono.

Pa nkhani ya ma disk mpamene ndikupempha kuti musaumire ndalama. Ma SSD wamba a m'makompyuta apakhomo amatha msanga akamalembedwa usana ndi usiku, ndipo ambiri alibe chitetezo choti magetsi akazima mwadzidzidzi deta imene inali mkati molembedwa isawonongeke. Gulani a enterprise, omwe ndi opangidwira maseva, ndipo muwasanje awiriawiri kuti disk iliyonse ikhale ndi inzake yosunga deta yofanana, ngati ZFS mirror kapena RAID 10. Njira zina zosanjira ma disk, za RAID 5 ndi RAIDZ, zimapereka malo ambiri, n'zoona, koma zimachedwa ma VPS ambiri akamalemba tizidutswa ta deta nthawi imodzi. Ubwino wina wa kasanjidwe ka awiriawiri ndi wakuti malo akachepa mumangowonjezera ma disk ena awiri. Ndiye sankhani bokosi la seva lokhala ndi mipata 8 ya ma disk, muyambe ndi ma disk anayi, ndipo muitanitse ena malo asanadzaze kupitirira 80 peresenti, chifukwa kuchokera pamenepo ZFS imayamba kuchedwa.

Ceph, pulogalamu yosunga deta moigawa pa maseva angapo, musaithamangire. Imafuna maseva osachepera atatu ndi netiweki ya 10 Gbps kuti iyende bwino. Mukafika pa maseva awiri, ZFS replication (kukopera deta kuchoka pa seva ina kupita pa inzake) pamodzi ndi kamakina kachitatu kogwira ntchito ya QDevice (kugamula seva yoti ipitirize ntchito maseva awiriwo akasiya kulumikizana) n'zokwanira.

RAID siibweza deta imene kasitomala wafufuta yekha, kotero backup, yomwe ndi kope lina la deta, ikhale pa makina ena, monga a Proxmox Backup Server, makamaka m'nyumba ina. Ikaninso UPS (chipangizo cha batire chopereka magetsi akazima) yolumikizidwa ndi seva kuti batire likatsala pang'ono kutha, makina azizimitsa okha mwadongosolo. Kamodzi pa mwezi, tengani backup ya VPS imodzi, muibwezeretse pa malo oyesera, ndipo muiyatse kuti muone ngati ikugwiradi ntchito.