Kuletsa AK-47 kuthawira kudenga mu Counter-Strike 1.6

Aise, za AK imene ikumakukwererani m'mwamba mukamawombera mu gemu ya pa kompyutayi ndi anyamata a pa Chitakale, chitani izi. Pakhale mausi yawaya ndi tebulo loti mkono uziyenda momasuka.

1. Mu Windows zimitsani Enhance pointer precision, chimenechi chimasinthasintha liwiro la mausi ndiye dzanja silizolowera olo pang'ono.

2. Mu gemumo tsegulani console (polembera malamulo) ndi batani la ~ mulembe m_filter 0, fps_max 101, cl_dynamiccrosshair 0, kenako tsitsani sensitivity (liwiro la mausi mu gemu), ine ndimayamba pa 2 nkumakweza pang'onopang'ono.

3. Zomwezi zilembeni mu userconfig.cfg (fayilo yosunga ma setting a gemu), magetsi akathima gemu ili mkati musadzayambirenso.

4. Lowani mapu ya de_dust2 nokha, gulani AK, imani poyang'ana khoma muthire zipolopolo zonse 30 osagwedeza mausi. Muona mabowo akukwera kaye kenako nkumapita kumanzere ndi kumanja.

5. Bwerezani, koma pano muzikokera mausi pansi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amakoka mwamphamvu kamodzi nkuwombera miyendo, pomwe chofunika nkutsika mofatsa kuyambira chipolopolo chachitatu ndipo osayenda ayi, siyani kaye mabatani oyendera a W A S D musanadine chifukwa mukawombera mukuthamanga zipolopolo zimangomwazika ngakhale mutakoka bwino bwanji.

6. Mdani ali patali dinani kamodzikamodzi kapena ziwiri zitatu nkusiya, kupopera zipolopolo osasiya ndi kwa pafupi basi, ndipo mukanjuta ndi Ctrl mfuti imakhazikikako.

Masiku a chiperoni tenthetsani kaye zala, zikauma sitepe 5 siyitheka.