Momwe mungakonzere ulendo wa banja wopita kunyanja

Makolo ambiri a ku Lilongwe ndi Blantyre amalakalaka kukaonetsa ana awo nyanja ya Malawi, koma amaganiza kuti ulendo wotere ndi wa alendo akunja ndi anthu olemera okha. Banja lopeza pang'ono likhoza kupita ndi kubwerako bwino, malinga ngati likonza zonse poganizira mwana wamng'ono kwambiri m'banjamo, chifukwa iyeyo ndiye amatopa msanga, amadwala msanga, ndiponso akhoza kulowa m'madzi akuya akulu asakuona.

Yambani ndi kusankha nthawi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde, ndipo masiku ena ngakhale asodzi sayerekeza kukankhira bwato pamadzi. Mu Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala ofunda ndiponso odekha, ngakhale kuti dzuwa limaswa mtengo. Ngati mungathe, pewani pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, komanso masiku a Khirisimasi, pakuti magombe amadzaza, ena amakhala ataledzera, ndipo m'chipwirikiti chotero mwana sachedwa kusowa.

Kenako sankhani malo molingana ndi kumene mukuchokera. Kwa a ku Lilongwe, kufupi ndi ku Senga Bay: mumayenda makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14 kukafika ku Salima, ndi ena pafupifupi 20 kukafika pagombe, kotero ngati ndalama zogonera palibe mukhoza kupita m'mawa ndi kubwerako madzulo. Pafupi ndi Salima palinso malo osungira nyama a Kuti, kumene ana amaona mbidzi ndi agwape popanda mantha a mikango. A ku Blantyre ndi Zomba amadzera ku Liwonde mpaka ku Mangochi, ndipo mpofunika kuima pang'ono pa boma kuti ana aone mlatho wa Bakili Muluzi pamtsinje wa Shire ndi nyumba yosungira zinthu zakale za panyanja.

Koma ngati muli ndi masiku atatu, ine ndingakulangizeni Cape Maclear, kuseri kwa Monkey Bay. Gombe la mudzi wa Chembe ndi lobisika ku mwera kusiyana ndi la Senga Bay, ndipo malowa ali m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, kenaka bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mukakwera boti kupita pachilumba cha Thumbi, ana amaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tikusambira m'madzi oyera, ndipo oyendetsa boti amaponya nsomba pamadzi kuti nkhwazi itsike kudzaiwakha. Mwana amene anangoona mbalameyi pachizindikiro cha dziko lathu sadzaiwala tsikulo. Pafupi pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalowa mu 1875 asanasamukire kumpoto chifukwa cha malungo. Kumbukirani kuti polowa m'paki pamakhala malipiro, ndipo Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika.

Mukasankha malo, imbani foni kumalo ogona ndipo mufunse mafunso atatu: ngati bedi lililonse lili ndi neti, ngati amalola kudziphikira, ndiponso ngati madzi a pagombe lawo amazama pang'onopang'ono. Kudziphikira ndi kumene kumapulumutsa ndalama zambiri. Tengani ufa, mpunga, mafuta ophikira, mbaula ndi madzi akumwa, ndiwo mukagule kwa asodzi m'mamawa akamakocheza, kaya ndi chambo, kampango kapena usipa wauwisi. Musadalire Mpamba ndi Airtel Money zokha, chifukwa netiweki imavuta malo ena, ndipo asodzi ambiri amafuna ndalama yapamanja.

Nkhani imene sindifuna kuti kholo lililonse liitenge mopepuka ndi ya madzi. Mukangofika, funsani eni dera malo abwino osambira, ndipo musalole ana kulowa m'bango kapena pamathiriro a mitsinje, chifukwa kumeneko n'kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zimene zimafalitsa likodzo. Ana akakhala m'madzi, munthu wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito yowayang'ana basi, osagwira foni, osamwa mowa, ndipo muzisinthana momveka bwino, chifukwa ngozi imachitika pamene bambo akuyesa kuti mayi akuona, mayinso akuyesa kuti bambo akuona. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe, ngakhale mwini boti atakutsitsirani mtengo. Kusambira kukhale kwa m'mawa ndi chakumadzulo kusanade. Masana ana akhale pamthunzi atavala zipewa ndipo azimwa madzi pafupipafupi.

Pobwerera nyamukani m'mawa, makamaka ngati mukukwera phiri la Golomoti kulowera ku Dedza, pakuti msewuwo uli ndi makona ambiri ndipo suyendeka bwino usiku. Mukafika kunyumba, mwana aliyense amene watentha thupi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo, ndipo muwauze achipatala kuti munali kunyanja. Likodzo silionekera msanga, choncho pakatha miyezi iwiri banja lonse lipite kukayezetsa ngakhale palibe amene akudandaula, ndipo mukaona magazi mumkodzo wa mwana musadikire kuti miyeziyo ikwane.