Claude amakana kulumikizana ndi Elasticsearch, vuto linali localhost

Ndakhala masiku awiri ndikuvutika ndi izi ndiye ndati ndilembe mwina wina zimuthandiza. Ndimafuna ndizingofunsa Claude Desktop (pulogalamu ya AI ya pa kompyuta) ngati ndikucheza ndi munthu, monga "ndi ma order angati sanalipidwe sabata yatha", iye azikatenga yankho mu Elasticsearch yanga (momwe ndimasunga ndi kusaka data) pompopompo. Ndinaika MCP server ya Elasticsearch (kapulogalamu kolumikiza Claude ndi Elasticsearch) kudzera mu Docker, yomwe imayendetsa pulogalamu m'kabokosi kakekake kotchedwa container, ma tool akuoneka bwinobwino, koma ndikafunsa kanthu ankangoti connection refused basi.

Ndinapanga API key (kiyi yolowera mu Elasticsearch) ina, ndinachotsa image ya Docker ya server ija nkudawunilodanso, bandulo inangothera pamenepo, palibe chinasintha.

Kenako ndinazindikira kuti mu claude_desktop_config.json (failo ya ma setting a Claude) ndinalemba ES_URL, adilesi ya Elasticsearch, ngati http://localhost:9200. Apa ndiye panali nkhani yonse, chifukwa mkati mwa container localhost ndi container yomweyo osati laputopu yako, ndiye server imagogoda pakhomo pake pomwe kufuna Elasticsearch yomwe ili panja. Ndinasintha nkulemba http://host.docker.internal:9200 (adilesi yomwe container imafikira nayo laputopu), ndinatseka Claude yense ndi Quit (kungodina X sikukwanira, config siiwerengedwanso), nditatsegula, tool ya list_indices inabweretsa ma index (magulu a data) anga onse.

Chinatsala nchakuti mayankho ena amabwera olakwika chifukwa Claude amangolota mayina a ma field. Pano ndimayamba ndamuuza kuti aone kaye get_mappings (tool yoonetsa ma field ndi mitundu yake) asanasake, ndiye amadziwa kuti field ya status ndi yamtundu wa keyword, ya date ndi yamtundu wa date. API key ndinaipatsa read yokha, sindingalole AI kufufuta data ya kasitomala ine. MCP server imeneyi njaulere.